Kodi splint imachizadi ululu wa nsagwada? Zomwe zimaoneka pakatha chaka

Munthu akapita kwa dokotala wa mano n'kukadandaula kuti nsagwada zikumupweteka potafuna, zikulira poyasamula kapena zikumangika m'mawa, kawirikawiri amabwerako atauzidwa kuti apangitse kachipangizo ka pulasitiki kovala m'mano pogona. Madokotala amakatchula kuti splint, ena amati night guard. Thandizoli lakhala likuperekedwa kwa zaka zoposa 100, ndipo m'maiko ambiri ndilo limayamba kubwera m'maganizo mwa dokotala wa mano akamva dandaulo lotere. Odwala ochuluka amanenadi kuti akupezako bwino pakangopita masabata angapo chiyambire kuvala.

Funso lomwe akatswiri akhala akulimbana nalo ndi la pambuyo pa masabata oyambawo. Pakatha miyezi 6 kapena chaka, kodi munthu amene adavala splint amakhala bwino kuposa mnzake amene adangolangizidwa mmene angasamalire nsagwada zake kunyumba? Kafukufuku wa zaka 50 zapitazi akuloza mbali imodzi: kusiyana komwe kumaoneka poyamba kumanka kuchepa, ndipo pofika chaka magulu awiriwa amakhala atatsala pang'ono kufanana. Nkhaniyi ndi yofunika kwa wodwala pa zifukwa ziwiri. Splint yopangidwa molingana ndi mano a munthu imadya ndalama zambiri, komanso ilipo mitundu ina yomwe ikavalidwa kwa nthawi yaitali imasintha mmene mano amakumanirana, osabwereranso mwakale.

Mfundo imene sipuma

Mukaika zala kutsogolo kwa makutu onse awiri n'kutsegula pakamwa, mumva fupa likuyenda. Pamenepo ndi pomwe nsagwada ya m'munsi imalumikizana ndi chigaza. Mfundo zimenezi zilipo ziwiri, kumanja ndi kumanzere, ndipo imodzi singayende kusiya inzake chifukwa zonse zili pa fupa limodzi. Pakamwa pakamayamba kutseguka, mutu wa fupalo umazungulira pamalo amodzi ngati chitseko, kenaka umatsetserekera kutsogolo. Pakati pa mafupa awiriwa pali kachicherewecherewe kopyapyala kamene kamagwira ntchito ngati nkhata ya wosenza mtolo, kuteteza mafupa kuti asakhulane. Yokoka nsagwada ndi minofu yamphamvu ya m'masaya ndi ya m'mbali mwa mutu. Munthu wamkulu wabwinobwino amatsegula pakamwa mamilimita 40 kapena kuposerapo, mpata wokwana zala zitatu zosanjikiza.

Mavuto a mfundoyi ndi minofu yake amadziwika ndi dzina limodzi lachidule la TMD, komatu si nthenda imodzi. Lipoti lomwe bungwe la National Academies of Sciences, Engineering, and Medicine la ku America lidatulutsa m'chaka cha 2020 lidati dzinali likuimira mavuto oposa 30. Ambiri mwa iwo amagwera m'magulu atatu. Loyamba, lomwe limasautsa anthu ochuluka, ndi kupweteka kwa minofu yotafunira. Lachiwiri ndi kusuntha kwa kankhata kaja, komwe kumachititsa nsagwada kulira kuti "tha" kapena kukanika kutseguka bwino. Lachitatu ndi kuperepeseka kwa mfundo yeniyeniyo, monga zimachitikira ndi nyamakazi ya m'mawondo. Lipotilo lidati ku America akuluakulu oposa 11 miliyoni, pafupifupi 5 mwa 100 alionse, amamva ululu pamalo amenewa. Amayi ndiwo amavutika kwambiri, pafupifupi kuwirikiza kawiri chiwerengero cha abambo.

Maganizo omwe adabala splint

Chipangizochi chidayamba kale kafukufuku wochiyesa asanabwere. M'chaka cha 1901, dokotala wa mano wa ku Vienna dzina lake Karolyi adayamba kuveka zophimba mano anthu omwe amakukuta mano m'tulo. Mu 1934, James Costen, dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi wa mumzinda wa St. Louis ku America, adalemba za odwala 11 omwe ankamva ululu kufupi ndi khutu. Iye adati gwero lake lidali kuguluka kwa mano am'mbuyo, komwe kumachititsa nsagwada kutsekeka mopitirira n'kupanikiza mfundo. Akatswiri a kapangidwe ka thupi adadzatsutsa mbali zambiri za kafotokozedwe kake, koma ganizo lalikulu lidakhazikika: ululu wa nsagwada umachokera ku mano osakumana bwino, choncho ukakonza mano wakonza zonse.

Pa maziko amenewa, Sigurd Ramfjord ndi Major Ash a pa sukulu ya ukachenjede ya Michigan adakonza splint yomwe mpaka lero imadziwika ndi dzina la Michigan splint. Imapangidwa ndi pulasitiki yolimba, imaphimba mano onse a nsagwada imodzi, makamaka yam'mwamba, ndipo pamwamba pake ndi posalala kuti mano a mbali inayo aziigunda mofanana. Imeneyi ndiyo yafufuzidwa kwambiri, ndipo ikapangidwa bwino sisuntha dzino lililonse.

Ilipo mitundu inanso. Ina ndi yofewa, yonga yomwe amavala osewera nkhonya, ndipo ina mwa yotereyi imagulidwa m'sitolo n'kuviikidwa m'madzi otentha kuti itenge maonekedwe a mano. Ina imakankhira nsagwada kutsogolo n'cholinga chobwezera kankhata pamalo pake. Inanso ndi yaing'ono, yophimba mano akutsogolo okha kuti am'mbuyo asagundane. Kusiyana kumeneku n'kofunika, chifukwa kuopsa kwa splint pakapita nthawi kumadalira kwambiri mtundu wake.

Pamene adayamba kuyerekeza

Kwa zaka zambiri umboni udali mawu a odwala okha, ndipo mawuwo adali okoma. Zinthu zidasintha pamene ofufuza adayamba kupatsa odwala ena chipangizo chongonamizira. Mu 1972, Charles Greene ndi Daniel Laskin a ku Chicago adaveka odwala kapulasitiki kophimba kumwamba kwa m'kamwa kokha, kosakhudza pomwe mano amakumana. Odwala pafupifupi 40 mwa 100 alionse adati akupezako bwino. Mu 1976, gulu lomweli lidauza odwala 25 kuti likuwapala mano kuti azikumana bwino, pomwe lidangokhudza malo omwe sakumana ndi dzino lina lililonse. Odwala 16 adati ululu watha kapena watsala pang'ono kutha.

Mu 1994, Thuan Dao ndi anzake ku Montréal m'dziko la Canada adagawa mwa maere odwala 63 m'magulu atatu. Gulu loyamba lidavala splint yeniyeni usana ndi usiku, lachiwiri lidavala yongonamizira, lachitatu linkavala splint kwa mphindi 30 zokha pa tsiku lokaonana ndi dokotala. Patatha masabata 10, ululu udatsika m'magulu onse, ndipo panalibe gulu loposa linzake.

Zimenezi sizitanthauza kuti odwalawo ankanama, kapena kuti ululu wawo udali wa m'maganizo chabe. Pali zifukwa zomveka zimene munthu amapezera bwino ngakhale thandizo lomwe walandira lilibe mphamvu yakeyake. Ululu wa nsagwada umakwera n'kutsika, ndipo munthu amapita kuchipatala pa nthawi imene wafika pachimake. Chilichonse chomwe angalandire tsiku limenelo chidzaoneka ngati chathandiza ululuwo ukamatsika wokha. Kuonjezera apo, kuuzidwa ndi dokotala kuti si khansa ndipo nsagwada siikuthyoka kumachotsa mantha, ndipo munthu wopanda mantha salimbitsa minofu ngati wamantha. Kukhala ndi chinthu chachilendo m'kamwa nakonso kumakumbutsa munthu kuti asamalumanitse mano.

Thupi nalo limazolowera. Ku Nagoya m'dziko la Japan, Kenichi Kurita ndi anzake adatsatira odwala 40 omwe kankhata kawo kadasuntha osabwereranso pamalo pake, popanda kuwapatsa thandizo lililonse. Zotsatira zomwe adafalitsa mu 1998 zidaonetsa kuti patatha zaka ziwiri ndi theka, pafupifupi atatu mwa anayi alionse adali atachira kapena kupezako bwino. Kafukufuku wojambula ndi makina a MRI adapezanso kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse omwe samva ululu uliwonse ali ndi kankhata kosuntha. Choncho kulira kwa nsagwada kopanda ululu si nthenda yofunika kuithamangira ndi chipangizo.

Zimene zimaoneka pakatha chaka

Kafukufuku wotsatira odwala kwa chaka chathunthu ndi wochepa, koma alipo. Wodziwika kwambiri ndi wa Edmond Truelove ndi anzake a pa sukulu ya ukachenjede ya Washington mumzinda wa Seattle, yemwe adatuluka mu 2006. Odwala 200 adagawidwa patatu. Onse adaphunzitsidwa kudzisamalira: kupumitsa nsagwada, kuthowa ndi nsalu yofunda, kuchita timasewera totambasula minofu ndi kumwa mankhwala opha ululu pakafunika. Gulu limodzi lidaonjezeredwa splint yolimba yopangidwa ku labotale, lina lidaonjezeredwa yofewa yotsika mtengo, lachitatu silidaonjezeredwe kanthu. Powayeza patatha miyezi 3, miyezi 6 ndi miyezi 12, onse adali atapezako bwino mofanana pa ululu, pa kulira kwa mfundo ndi pa katsegulidwe ka pakamwa.

Ku Oulu m'dziko la Finland adachita zofanana ndi odwala 80. Theka lidalandira uphungu ndi masewera a nsagwada, theka linalo lidalandira zomwezo pamodzi ndi splint. Zotsatira za chaka chimodzi, zomwe zidafalitsidwa mu 2015, sizidaonetse phindu loonjezera la splint.

Si onse adapeza zotere. Ku Malmö m'dziko la Sweden, EwaCarin Ekberg ndi Maria Nilner adayerekeza splint yolimba ndi yongonamizira, ndipo adapeza kuti yeniyeni idathandiza odwala ambiri patatha masabata 10. Adawatsatira mpaka miyezi 6 ndi 12 n'kupeza kuti ambiri adakali bwino, ndipo adalimbikitsa kuti chipangizochi chizigwiritsidwa ntchito. Chovuta n'chakuti masabata 10 aja atatha, odwala ambiri a gulu loyerekezera omwe sadakhutire adapatsidwa splint yeniyeni. Pofika chaka panalibenso magulu awiri osiyana bwinobwino oti n'kuwayerekeza. Vuto limeneli limapezeka kawirikawiri pa kafukufuku wa nthawi yaitali, chifukwa n'kovuta kuuza munthu amene akumva ululu kuti adikire chaka ndi chipangizo chomwe sakuchikhulupirira.

Pofuna kuona chithunzi chonse, akatswiri amasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana n'kumuwerengera pamodzi. Mu 2017, gulu la ku Belgrade m'dziko la Serbia lidaunika kafukufuku wosiyanasiyana ndipo lidapeza kuti splint yolimba imachepetsa ululu m'miyezi itatu yoyamba, koma kupitirira apo zotsatira zake zimafanana ndi za njira zina. Mu 2020, Philip Riley ndi anzake a ku Manchester, pa ntchito yomwe idalipiridwa ndi bungwe la boma la Britain loona za kafukufuku wa zaumoyo, adaunika kafukufuku 52. Pa 13 yemwe adatheka kumuphatikiza, wokhudza odwala 1,076, kusiyana kwa ululu pakati pa ovala splint ndi osavala kudali kochepa kwambiri moti kukadatha kuchitika mwamwayi chabe. Mu 2024, bungwe la Cochrane lidaunika kafukufuku 57 wokhudza anthu 2,846, ndipo lidati umboni womwe ulipo ndi wofooka kwambiri moti sungapereke yankho lotsimikizika.

Mawu akuti umboni wofooka ayenera kumveka bwino. Sakunena kuti zatsimikizika kuti splint n'njopanda ntchito. Akunena kuti kafukufuku wambiri adali ndi odwala ochepa, adatha msanga, ndipo adasakaniza anthu a mavuto osiyana, wa minofu ndi wa nyamakazi m'gulu limodzi. N'zotheka kuti pali odwala ena omwe splint imawathandizadi, koma phindu lawo limamira likawerengedwa pamodzi ndi la ena onse. Komabe, chipangizochi chikadakhala ndi mphamvu yaikulu ndi yokhalitsa, bwenzi itaonekera ngakhale pa kafukufuku wosalongosoka kwenikweni.

Mu December 2023, magazini ya zachipatala ya BMJ idatulutsa malangizo okhudza ululu wa nsagwada womwe watha miyezi itatu kapena kuposerapo. Gulu lomwe lidawalemba, lotsogozedwa ndi Jason Busse wa pa sukulu ya ukachenjede ya McMaster ku Canada, lidatsamira pa kafukufuku 153 wokhudza odwala 8,713. Pa splint yochotseka, gululi lidati odwala ambiri atamva umboni wonse sangaisankhe, ngakhale ena angaisankhebe. Pa splint yosintha kakumanidwe ka mano mpaka kalekale lidakaniratu. Akatswiri ena a ululu wa kumaso ndi m'kamwa adatsutsa malangizowa, ponena kuti adaika m'thumba limodzi zipangizo zosiyana ndi odwala osiyana. Mtsutsowo udakalipo, koma pa mfundo yokana kusintha mano mbali zonse zimagwirizana.

Nanga okukuta mano?

Anthu ambiri amapatsidwa splint chifukwa amakukuta mano m'tulo, ndipo amakhulupirira kuti idzawasiyitsa. Kukukuta mano kumayambira mu ubongo, pa timphindi tomwe tulo timapepuka, ndiye pulasitiki ya m'kamwa singafike komwe kuli gwero. Mu 2006, ofufuza a pa sukulu ya ukachenjede ya Kyushu ku Japan adayeza minofu ya anthu 16 okukuta mano. Atangoyamba kuvala splint kukukutako kudachepa, koma powayezanso pa masabata 2, 4 ndi 6 kudali kutabwerera mwakale. Ku Amsterdam, kafukufuku wa mu 2005 woyeza anthu 21 ali m'tulo adapeza kuti patatha masabata 4 ena adachepetsa, ena adaonjezera, ena sadasinthe.

Chomwe splint imachita kwa munthu wotere ndi kuima pakati pa mano am'mwamba ndi am'munsi, kuti chotha chikhale pulasitiki m'malo mwa dzino. Madokotala amaona zipangizo zomwe zabwerera zitakumbika kapena kung'aluka, ndipo n'zomveka kuganiza kuti mphamvu imeneyo ikadathera pa mano. Pa chifukwa chimenechi, munthu amene mano ake akuperepeseka kapena kusweka akhoza kulangizidwa kuvala kwa zaka. Kumeneko ndi kuteteza mano, ndipo wodwala ayenera kuuzidwa momveka kuti cholinga n'chimenecho. Kuchiza ululu ndi nkhani ina, ndipo anthu ambiri okukuta mano samva ululu wa nsagwada n'komwe.

Kuopsa kwa kuvala nthawi yaitali

Mano sadamatidwe m'fupa ngati mzati mu simenti. Dzino lomwe silikugundana ndi linzake limanka litalika pang'onopang'ono, ndipo lomwe likupanikizidwa mosalekeza limasuntha. Ndiye chifukwa chake splint yophimba mano akutsogolo okha imatha kusiya munthu ndi mpata kutsogolo, moti akatseka pakamwa am'mbuyo amakumana koma akutsogolo sangadule ngakhale nthochi. Tina mwa timeneti ndi tating'ono kwambiri moti tingavuke m'tulo n'kutsamwitsa munthu.

Yokankhira nsagwada kutsogolo ikavalidwa usana ndi usiku kwa miyezi imabweretsa vuto la mbali inayo: mano am'mbuyo amaleka kukumana. Kale, zikatere, wodwala ankauzidwa kuti alowe gawo lachiwiri, lomwe ndi kumuika mawaya kapena kuveka mano ake zisoti kuti agwirizane ndi malo atsopano a nsagwada. Ntchito imeneyi ndi yodula ndipo ikachitika sibwezeka. Phindu lakenso silioneka: Jeffrey Okeson wa ku Kentucky adatsatira odwala 40 omwe adavala mtundu umenewu kwa kanthawi, ndipo mu 1988 adalemba kuti patatha zaka ziwiri ndi theka nsagwada za awiri mwa atatu alionse zinkalirabe, ngakhale ululu udali utatha mwa atatu mwa anayi alionse. Nsagwada za ambiri zinkalirabe, koma anthuwo adapeza bwino.

Yofewa nayo ili ndi zake. Okeson yemweyu adapeza mu 1987 kuti mwa anthu 10, splint yolimba idachepetsa kugwira ntchito kwa minofu usiku mwa 8, pomwe yofewa idakuonjezera mwa 5, ngati kuti m'kamwa mwaikidwa chingamu. Palinso chenjezo kwa oliza mkonono kwambiri ndi obanika m'tulo. Kafukufuku wamng'ono wa ku Montréal wa mu 2004, wa odwala 10 a vuto lobanika m'tulo, adapeza kuti mwa theka la iwo kubanikako kudaonjezeka ndi kuposa theka pa usiku womwe adavala splint. Ndipo chipangizo chosatsukidwa bwino chimasunga zotsalira za chakudya pa mano usiku wonse, zomwe zimaoletsa mano ndi kutupitsa nkhama.

Zomwe zili ndi umboni wolimba

Malangizo a BMJ aja adavomereza mwamphamvu njira zingapo: masewera otambasula ndi kulimbitsa nsagwada moyang'aniridwa ndi katswiri, masewera okonza kakhalidwe ka khosi ndi mapewa, kusisita malo omangika m'minofu, kuyendetsa mfundo ndi manja a katswiri wa mafupa ndi minofu, uphungu wothandiza munthu kusintha mmene amaganizira ndi kuchitira akamva ululu, komanso chisamaliro wamba cha kufotokozera wodwala, kumulimbitsa mtima ndi kumupatsa masewera a kunyumba. Adakana mwamphamvu opaleshoni yochotsa kankhata, ndiponso kuphatikiza mankhwala a gulu la ibuprofen ndi a gulu la morphine.

Chifukwa chomwe njira zosakhudza mano zimathandizira chikuoneka pa kafukufuku wamkulu wotchedwa OPPERA, yemwe adayamba ku America mu 2006 n'kutsatira anthu oposa 2,700 a zaka 18 mpaka 44 omwe adalibe vutoli. Chaka chilichonse pafupifupi 4 mwa 100 alionse ankayamba kudwala. Zomwe zinkalosera kwambiri amene adzadwale zidali kukhala kale ndi ululu kwina monga mutu ndi msana, kusagona bwino, nkhawa ndi zizolowezi za m'kamwa monga kulumanitsa mano masana. Kwa anthu ambiri, ululu wa nsagwada wokhalitsa uli pa ubale ndi litsipa ndi msana kuposa mmene ulili ndi dzino lokhota.

Zambiri mwa zomwe odwala a ku Seattle adaphunzitsidwa munthu angazichite kunyumba. Nsagwada yopuma imakhala ndi milomo yotseka koma mano osagundana, ndipo ndi bwino kudzifunsa kangapo pa tsiku ngati manowo alumana, makamaka poyendetsa galimoto kapena pogwira ntchito pa kompyuta. Pa masiku omwe ululu wakula, nzimbe, chimanga chokazinga, nyama yolimba ndi chingamu ziyambe zadikira, koma ululu ukatsika munthu abwerere ku chakudya cha masiku onse, chifukwa minofu yosagwira ntchito imafooka. Kuthowa tsaya ndi nsalu yofunda kwa mphindi 10 mpaka 15 kumamasula minofu. Poyasamula, kuchirikiza chibwano ndi dzanja kumateteza kuti pakamwa pasatseguke mopitirira. Mankhwala monga ibuprofen ndi a masiku ochepa chabe, ndipo a zilonda za m'mimba, a matenda a impso ndi amayi oyembekezera ayambe afunsa kuchipatala.

Zofunika kufunsa musanalipire

Kuno kwathu madokotala a mano ndi ochepa. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano adangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi sukulu ya ukachenjede ya Glasgow. Splint yolimba imafuna kudinda mano, labotale yoipangira ndi maulendo angapo okaikonza kuti ikhale bwino, zomwe anthu ambiri sangazipeze pafupi. Kafukufuku tafotokozayu akupereka chilimbikitso kwa otere: amene sangakwanitse chipangizochi sadamanidwe mankhwala enieni, chifukwa zomwe zimathandiza pakatha chaka ndi zomwe angaphunzitsidwe ndi wachipatala n'kumachita yekha.

Kwa amene dokotala wawalangiza kuvala, pali mafunso oyenera kufunsa. Kodi vuto lili m'minofu, m'kankhata kapena m'fupa? Kodi cholinga ndi kuchepetsa ululu kapena kuteteza mano? Kodi chipangizocho chiphimba mano onse a nsagwadayo? Chivalidwa kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo tsiku lobwerera kukaonedwa ndi liti? Splint yosaopsa ndi yolimba, yophimba mano onse, yovala usiku wokha, ndipo imayendera limodzi ndi masewera ndi kudzisamalira. Ngati pakatha miyezi iwiri kapena itatu palibe kusintha, palibe umboni woti kupitiriza kudzabweretsa chomwe chalephera kubwera. Ngati ululu ukukula, kapena mano sakukumananso monga kale patapita nthawi chivulireni m'mawa, munthu asiye kuvala ndipo abwerere kwa dokotala. Aliyense wouzidwa kuti mano ake apalidwe, avekedwe zisoti kapena aikidwe mawaya pofuna kuchiza ululu wa nsagwada, ayambe wamva maganizo a dokotala wina.

Pomaliza, si ululu uliwonse wa pamalowa umene uli TMD. Kutupa kwa tsaya pamodzi ndi kutentha thupi kungakhale mafinya ochokera ku dzino. Nsagwada zomangika patapita masiku munthu atavulala kapena kubayidwa ndi chinthu zingakhale chiyambi cha kafumbata. Ululu wa nsagwada wobwera poyenda mofulumira kapena pokwera chitunda, makamaka ukamamveka ndi pachifuwa pomwe, ungachokere ku mtima. Munthu wa zaka zoposa 50 amene nsagwada zimatopa ndi kupweteka potafuna, mutu ukupweteka m'mbali ndipo maso ayamba kuchita chidima, akufunika kuonedwa tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso amene pakamwa pakanika kutsekeka atayasamula, amene nkhope yachita dzanzi, kapena amene ali ndi chotupa kapena chilonda cha m'kamwa chosapola pakatha masabata awiri kapena atatu. Onsewa malo awo ndi kuchipatala, ndipo asataye nthawi ndi chipangizo cha m'sitolo.